Kufooka kwa kemo: amene munadutsamo, munkatani?

Abiti Saidi, Mpondasi:
Moni nonse pagulu pano, asalaam aleikum abale anga. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga, lero ndati nane ndilankhulepo. Ndili ndi khansa ya bere, ndili pa kemo, mankhwala a khansa a m'diripi aja, ndimakalandira ku Queens masabata atatu aliwonse. Za tsitsi anandiuziratu, za nseru anandiuziratu, ndinakonzeka. Chimene chandigonjetsa ndi kufooka. Kutopa kwa kumunda ndimakudziwa, kwa kusenza dengu la usipa kuchokera kudoko ndimakudziwa, umagona n'kudzuka uli bwino. Uku ayi. Ndimagona usiku wonse koma kukacha manja ndi miyendo zili zolemera. Ndikasamba ndimayamba ndakhala pansi kupuma ndisanavale. Mwana akandifunsa kanthu mawu ndimamva koma mutu sugwira. Geni ndinaimika. Apongozi anga akuti ndikudzilekerera, akuti matenda ukawagonera amakukwera pamutu. Ndiye mumtima mwayamba kubwera maganizo oti mwina mankhwalawa akundimaliza m'malo mondichiza, bola ndidumphe ulendo ukubwerawu ndipeze kaye mphamvu. Amene munadutsamo, ndiuzeni zoona zokhazokha.

Nabanda, Monkey Bay:
Pepani achemwali, ndawerenga misozi ili m'maso chifukwa ndi momwemo ndinkamvera. Inenso inali ya bere, ndinamaliza, ndipo chaka chino ndalima ndekha. Chonde musadumphe tsiku la mankhwala musanalankhule ndi adokotala anu. Kufookako sikusonyeza kuti mankhwala akulephera. Amapita paliponse pamene magazi afika, ndiye thupi lonse limawamva.

Yambani kutsatira masiku anu bwinobwino. Kwa ine tsiku la diripi ndi mawa lake ndinkadzimva wamphamvu, tulo osabwera n'komwe. Kenako ndi pamene ndinkagwa, sabata yoyamba yonse ndili pamphasa. Yachiwiri ndinkayamba kudzuka pang'onopang'ono, yachitatu ndinkaphika, kuchapa, kupita kutchalitchi, basi tsiku lobwerera lakwana. Nditazindikira kayendedwe kameneka ndinasiya kulimbana ndi sabata yoyamba. Kukagayitsa, kuchapa zofunda, kukazonda abale, zonsezo ndinkazisungira sabata yachitatu. Koma ndisakunamizeni, kufookaku kumaunjikana. Maulendo omaliza anali olemera kuposa oyamba, ndipo nditamaliza panatenga miyezi kuti ndibwerere mwakale. Mphamvu zinabwera ndithu, koma sizinabwere tsiku limodzi.

Make Asiyatu, Chimwala:
Abiti Saidi, si inu nokha. Mayi anga ali pa mankhwala a khansa ya khomo la chiberekero, munthu amene sankadziwa kukhala pansi masana, koma pano supuni ya phala imawalemera. Si ulesi umenewo. Tidikire a Sisita atilongosolere.

Sisita Nachisale, namwino wopuma pantchito, Malindi:
Mwanangu, wachita bwino kufunsa usanasiye. Ndilemba motalikirapo, mundipirire.

Mankhwala a kemo amasaka maselo amene amachulukana mofulumira, chifukwa umo ndi momwe khansa imakulira. Vuto ndi loti m'thupi muli malo ena abwinobwino amene maselo ake amachulukananso mofulumira: mizu ya tsitsi, m'kamwa, m'matumbo, ndi mafuta a m'mafupa. M'mafupamo ndi mmene mumapangidwa magazi. Mankhwala akafikamo, maselo ofiira amene amanyamula mpweya amachepa, ndiye minofu imagwira ntchito ndi mpweya wosakwana. Onjezerani kusadya bwino chifukwa cha nseru, kusowa madzi m'thupi ndi kutentha kwathu kwa kuno kwa Okutobala, ululu, nkhawa ya ndalama, ndi khansa yeniyeniyo imene nayonso imafooketsa. Zimene a Nabanda anena zoti masiku oyamba tulo sitibwera kenako munthu n'kugwa, kawirikawiri zimachokera ku mankhwala otchedwa dexamethasone amene amaperekedwa limodzi ndi kemo pofuna kuchepetsa kusanza. Amadzutsa thupi kwa kanthawi, akatha mphamvu munthu amalobodoka.

Tsono pali kufooka kopirira, palinso kufooka kothamangira nako kuchipatala, ndipo pamenepa ndi pamene ndikufuna aliyense amvetse. Tsegula buku lako la kuchipatala, pamene analemba zotsatira za magazi uone pali Hb, nambala yosonyeza kuchuluka kwa magazi m'thupi. Mwa mayi wathanzi imakhala 12 kapena kuposa, mwa bambo 13. Ikatsika kwambiri, kawirikawiri cha m'ma 7 kapena 8, kapena munthu akamachita befu ndi chizungulire, madokotala amaganizira zothira magazi. Ndipo ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi akuba magazi ena awiri, malungo ndi likodzo. Munthu akhoza kumanamizira kemo yokha pamene malungo akumudya pansipansi. Zimenezi zimayezeka ndipo zimachizika konkuno ku Mangochi.

China chachikulu: kuyambira tsiku la 7 mpaka la 14 chilandirire diripi, asilikali a m'thupi amakhala atatsikitsitsa. Nthawi imeneyo thupi likatentha kufika madigiri 38, kapena ukayamba kunjenjemera, usamwe Panado n'kufunda kuti uone mawa. Pita kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo, kaya ndi usiku, ndipo mawu oyamba kunena akhale oti uli pa kemo ndi tsiku limene unalandira. Chimodzimodzi kutuluka magazi m'mphuno kapena m'nkhama osaleka, kusanza kosalekeza, kutsegula m'mimba kwambiri, kupweteka pachifuwa, kapena kubalalika mutu.

Abiti Saidi, Mpondasi:
Zikomo mayi. Ndayang'ana m'bukumo, ulendo wathawu analemba 8.6. Befu ndiye ndikuchita, kungofika pa mjigo pafupi pomwepa mtima umagunda mpaka ndimaumva m'makutu. Ana akuti m'zikhatho mwanga mwayera. Thupi silikutentha ayi. Chinanso, ndikalandira mankhwala ofiira aja mkodzo umafiira, kodi ndi magazi akutayika?

Sisita Nachisale, Malindi:
Mankhwala ofiirawo dzina lake ndi doxorubicin, amafiiritsa mkodzo tsiku limodzi kapena awiri, ndi mtundu wake chabe, si magazi. Koma kufiirako kukapitirira masiku amenewo, kapena pokodza pakamapweteka, kayezetse mkodzo, paja kuno likodzo ndi lathu. Tsono za befuzo usadikire tsiku la ku Blantyre. Ngati inali 8.6 asanakupatse mankhwala omalizawo, pano ikhoza kukhala itatsikanso. Mawa m'mawa kwera kabaza, usayende pansi, upite kuchipatala chachikulu pa boma ndi buku lako, akayeze magazi ndi malungo. Uwauzenso za kugunda kwa mtimako, chifukwa mankhwala ofiirawa madokotala amafuna kudziwa mmene mtima ukuyendera. Upite ndi munthu.

Achimwene a ku Namwera:
Pepani achemwali ndi zimene mukukumana nazo. Ine ndingothandizapo ndi zimene ndinaona. Azakhali anga atachepa magazi tinkawawiritsira masamba a mapeyala, madzi ake amafiira, komanso chidede. Palinso bambo wina amabwera tsiku la msika ndi mabotolo a mankhwala azitsamba obwezeretsa mphamvu, anthu akumuyamikira. Mwina mungapume kaye zachizunguzo mwezi umodzi, mumwe zimenezi, thupi likakhazikika mubwerere. Makolo athu ankachira ndi mitengo yomweyi.

Che Imedi, Makanjira:
Achimwene, mtima wanu ndi wabwino koma pa zopuma mwezi ndikukanani poyera. Ine ndikudwazika akazi anga, ndipo pa benchi yodikirira paja timadziwana, timafunsana za amene sakuoneka. Alipo amene anapuma kuti akamwe za m'mabotolo, pobwera chotupa chitakula, ena sitinawaonenso. Khansa sipuma chifukwa iwe wapuma. Kwathu kuno ndi kutali kwambiri, kungofika pa boma ndi ulendo kale, kenako uyambe wa ku Blantyre. Pakanakhala njira yachidule yochizira pakhomo, woyamba kuitsata ndikanakhala ine. Ngati thupi lafooka kwambiri, amene amasuntha tsiku ndi dokotala atayeza magazi. Akazi anga anawabwezapo kuti asilikali achepa mubwere sabata yamawa, ndipo nthawi ina anawachepetsera mlingo. Kumeneko ndiye kupuma kwa dongosolo.

Sisita Nachisale, Malindi:
Che Imedi anena zoona. Achimwene a ku Namwera, musakhumudwe, funso lanu ndi la anthu ambiri. Kufiira kwa madzi sikupanga magazi, kaya ndi a masamba a mapeyala kaya zakumwa zofiira za m'sitolo. Za m'mabotolo a pamsika vuto lake ndi loti palibe amene akudziwa zili m'katimo ndi mlingo wake, pamene chiwindi ndi impso za wodwala zili kale pantchito yaikulu yochotsa mankhwala a kemo. Zitsamba zina zimasokoneza kagwiridwe ntchito ka mankhwalawo. Chilichonse chimene mukumwa, ngakhale chooneka chachabechabe, muwauze adokotala. Ngakhale mapiritsi a ayironi omwe, amathandiza pokhapokha ngati chaperewera m'thupi ndi ayironiyo. Kuchepa magazi kwa kemo nthawi zambiri gwero lake ndi m'mafupa muja, ndiye kungomwa mapiritsi osayezetsa kukhoza kungokudzimbitsani.

Chakudya ndiye chithandizo chimene chili m'manja mwathu. Musadikire nsima ya masana ndi yamadzulo, mbale yodzadza imagwetsa ulesi munthu wa nseru. Pang'onopang'ono koma pafupipafupi: phala lothira nsinjiro, dzira lowiritsa bwino, nthochi, futali, usipa wophikidwa mpaka kupsa, nyemba, bonongwe, chisoso. Madzi a malambe kapena kamandimu pa ndiwo zimathandiza thupi kutenga ayironi wa m'masamba, pamene tiyi womwera pa chakudya amatchinga, ndiye tiyiyo azimwedwa payekha. Madzi akumwa akhale owiritsa kapena othira WaterGuard. M'kamwa mukakhala zilonda, muzichukucha ndi madzi ofunda othira kamchere.

Nabanda, Monkey Bay:
Ndiwonjezere pa chakudyapo. Fungo la nsomba yokazinga linkandidzutsira nseru ndili m'nyumba, ndiye ana ankaphikira kuseri kwa mpanda, chakudya n'kundibweretsera chitazizirako. Chozizira sichinunkha kwambiri. Ndipo m'mawa kwambiri ndi pamene m'mimba munkalandira, ndiye phala lalikulu ndinkamwa dzuwa lisanatuluke. Mango akayamba kupsa mwezi wamawa mudye, bola kutsuka bwino ndi kusenda.

Aphunzitsi Gondwe, Koche:
Ndilowepo ndi mfundo imene mwina ena aidabwa. Ine ndili pa kemo ya khansa ya m'matumbo, ndipo chimene chandithandiza kwambiri ndi kuyenda. Adokotala atandiuza ndinaona ngati sakundimvetsa, munthu ndikulephera kunyamula ndowa iwo akuti yendani. Koma anandifotokozera kuti ukangogona osadzuka minofu imafota, ndiye mawa lake kudzuka kumavuta kuposa dzulo, kufooka kumabala kufooka kwina. Ofufuza za khansa anapeza kuti kuyenda pang'ono tsiku ndi tsiku ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zimene zimachepetsadi kutopa kumeneku. Ndimadzuka kusanatenthe, ndimayenda mpaka pa mtengo wa mlambe uli kumapeto kwa mudzi wathu n'kubwerera. Masiku oipa ndimangozungulira nyumba, mwana ali pambali. Madzulo dzuwa likapepa ndimabwerezanso ngati thupi lalola. Tulo ta masana ndimagona tochepa, osapitirira theka la ola, chifukwa ndikagona masana onse usiku ndimangotembenuka, mawa lake n'kudzuka wotheratu. Choncho apongozi a Abiti Saidi mbali ina ya mawu awo ili ndi nzeru, kungoti anaiyankhula mopweteka.

Che Imedi, Makanjira:
Aphunzitsi, apa ndiye sitigwirizana kwenikweni. Inu ndinu bambo, mukabwera koyenda mumapeza madzi osamba ali kubafa, phala lili pa tebulo. Mayi wa kumudzi mukamuuza kuti aziyenda, abale amva kuti ndiye kuti angathe kukatunga madzi, angathe kukatola nkhuni, angathe kusinja. Mawu omwewo asanduka chikwapu. Akazi anga sanasowe kuyenda, anasowa kupuma. Ndinachita kulimbana ndi anthu kuti awasiye agone. Ndinaphunzira kukoleza mbaula ndi kuphika nsima ndili ndi imvi, anzanga pa bawo ankandinena, koma ndinaona kusintha. Ndipo wa befu ngati Abiti Saidi kumuuza za kuyenda panopa ndi kumuika pangozi.

Aphunzitsi Gondwe, Koche:
Pa Abiti Saidi mukunena zoona bambo, ayambe akayezetsa, za kuyenda zibwere magazi akakwera. Ndipo kuyenda kumene ndikunena si ntchito. Ndi kuyenda chimanjamanja, pa liwiro lako, utatopa n'kukhala pansi popanda wokufunsa. Mtolo wa nkhuni pamutu ndi nkhani ina. Ine ndimaona chonchi: mphamvu za tsiku zili ngati ndowa imodzi ya madzi imene iyenera kukwanira mpaka usiku. Wodwala asankhe yekha pothira. Ngati akufuna kuithira pa kusambitsa mwana wake kapena kupita ku mzikiti, ena amuchotsere zotsalazo.

Make Asiyatu, Chimwala:
Nkhani ya apongozi isatidutse, chifukwa imapweteka kuposa diripi. Matendawa kufooka kwake sikuoneka ndi maso. Wothyoka mwendo aliyense amamumvera chisoni, koma amene wangokhala pakhonde anthu amati akudyera matenda. Kwathu amalume, eni mbumba, ndi amene ankalankhula kwambiri kuti mayi akudzigoneka dala. Sindinakangane nawo. Ndinawapempha kuti ulendo wina akhale gadiyani ndi iwowo. Anaona okha mmene tinanyamukira usiku, mmene mayi anakhalira pa diripi, anaona ena ofooka kuposa mayi, ndipo anamwino anawafotokozera pamaso. Pobwera mu minibasi anachita kuwagwirira mutu njira yonse kuchokera ku Liwonde. Chiyambire tsiku limenelo ndi amene amagawa ntchito pakhomo. Abiti Saidi, yesani kutenga apongozi anuwo ulendo umodzi, kapena mawa lomweli popita kukayezetsa.

Chinanso, anthu akabwera kudzazonda amati mukafuna kanthu munene, ndiye wodwala amachita manyazi, sanena. Ife tinasintha. Aliyense wofunsa timamupatsa ntchito yodziwika: inu Lolemba madzi, inu Lachitatu kuchapa, inu mutengereko ana kusukulu, inu mukagayitse. Amayi a dawa ndi anzawo a mayi a ku banki m'khonde anagawana masiku a sabata yoyamba ija. Komanso ozonda asamachuluke nthawi imodzi, ndipo wa chifuwa kapena chimfine azipereka moni ali panja. Kulandira alendo nakonso ndi ntchito, mayi ankatopa ndi kuyankha kuti ndiliko bwino kwa anthu tsiku lonse.

Naphiri, ku Joni:
Moni makolo ndi abale. Ndili ku Johannesburg, bambo anga ali ku Katuli ndipo ayamba kemo mwezi uno, khansa ya kummero. Ndikuwerenga zonsezi mtima uli m'mwamba chifukwa sindili pafupi. Kuno m'mafamase muli mabotolo ambiri a mavitamini ndi zopatsa mphamvu, ndimafuna nditumize pa basi. Kodi ndigule ziti? Ndalama zanga ndi zochepa, sindikufuna kuziponya pachabe.

Nabanda, Monkey Bay:
Mwana wanga, ukandifunsa ine, ndalamayo uisunge ya ulendo. Chimene chimasiyitsa anthu ambiri mankhwala kuno ndi thiransipoti, ndipo ulendowo pawokha umatha mphamvu. Kuchoka pa boma kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 190, kudzera ku Ulongwe, Liwonde ndi Zomba, ndipo bambo ako ayambira ku Katuli, kutsika mapiri a ku Namwera kaye. Minibasi imaima paliponse, mkati muli thukuta ndi katundu. Ukafika sulandira mankhwala nthawi yomweyo, amayamba ayeza magazi, zotsatira zikakhala bwino ndi pamene amaika diripi. Ndiye munthu wopanda pogona amakakamizika kubwerera tsiku lomwelo, kufika kunyumba usiku atatheratu. Ine chimene chinandipulumutsa ndi mphwanga wa ku Bangwe, ndinkapita dzulo lake, n'kugonanso usiku wina nditalandira. Ngati muli ndi wachibale ku Ndirande, ku Zingwangwa, kulikonse, mupempheni msanga. Ndalama utumize pa Airtel Money kapena Mpamba masiku angapo tsiku lisanafike, ya anthu awiri, chifukwa sayenera kuyenda okha. Ikatsalako agule mkaka, mazira, nsinjiro ndi Likuni Phala. Wa khansa ya kummero kumeza kumavuta, ndiye zofewa ndi zamadzimadzi ndi zimene zingawasunge. Mavitaminiwo usagule adokotala awo asanavomere. Uziwaimbiranso foni, koma mwachidule, ndipo usamawafunse za matenda okhaokha.

Abiti Saidi, Mpondasi:
Abale, ndabwerako. Malungo anapezeka, ngakhale thupi silinkatentha, ndipo magazi anali atatsikadi. Anandigoneka, anandithira magazi, ndikumwa LA. Befu lachepa, lero ndasesa pakhonde ndekha. Apongozi ndi amene anandiperekeza monga ananenera Make Asiyatu, anagona pansi pambali pa bedi langa. Sitinakambirane za mawu aja koma m'mawa uno anditumizira phala. Ku Queens ndawaimbira, akuti ndipite pa tsiku langa ndi zotsatirazo akaone ngati ndingalandire. Sindidumpha. Koma ndili ndi funso lina limene likundisowetsa mtendere. Mmene anandiwerengera, mankhwala anga akafika mpaka mwezi wa Ramadhani. Chikhalire sindinasiyepo kufunga. Nditani?

Mwalimu Yusufu, Mangochi boma:
Alhamdulillah kuti mwapepukidwa, mayi. Pa funso lanu chipembedzo sichinatisiye mumdima. Qur'an imanena momveka kuti wodwala ndi wapaulendo aloledwa kumasula, n'kudzabweza masikuwo akapeza bwino. Amene matenda ake ndi okhalitsa moti sangathe kubweza, amapereka fidya, kudyetsa wosauka pa tsiku lililonse limene sanafunge. Munthu wa pa kemo amafunika madzi ambiri kuti impso zitsuke mankhwala, amafunika kudya pafupipafupi ndi kumwa mapiritsi pa nthawi yake. Kufunga mu mkhalidwe umenewo ndi kudzipweteka, ndipo kulandira chilolezo chimene Allah wapereka si kuchepa kwa chikhulupiriro. Swala nayonso, mukalephera kuimirira swalini chokhala, mukalephera kukhala swalini chogona. Ngati pakhomo wina angakunenezeni, muuzeni akafunse shehe wa pa mzikiti wanu, ayankhidwa chimodzimodzi.

Bambo a Tadala, Msaka:
Ndakhala chete nthawi yonseyi koma nkhani yanga ndi yomweyi. Ndine mlovi, usodzi wa kauni, timalowa m'madzi madzulo kutuluka m'mawa. Ndili ndi khansa ya Kaposi, zotupa zakuda m'miyendo, ndimamwa ma ARV ndipo anandiyambitsa kemo ya paclitaxel. Miyendo yaphwa ndithu, zotupa zikufota, pamenepo ndikuthokoza. Koma kukoka chilimira sindingathenso. Ndinayesa usiku wina sabata yachitatu, pakati pa nyanja manja anangomasuka okha, anzanga anachita kundigoneka m'bwato. Masiku awiri kapena atatu ndikalandira mankhwala mafupa onse amawawa, ndipo tsopano zala za kumanja ndi kumapazi zachita dzanzi, ndikaponda mchenga wotentha sindimva bwino. Kwa ife ukapanda kulowa m'madzi palibe gawo lako. Ana anayi akuyang'ana ine. Usiku tulo sitibwera, ndimangowerengera ngongole, nthawi zina ndimaona ngati ndangosanduka katundu pakhomo. Amuna anzanga, mumatani?

Sisita Nachisale, Malindi:
Bambo a Tadala, zikomo potsegula mtima. Kuwawa kwa mafupa ndi minofu patapita masiku awiri kapena atatu ndi khalidwe lodziwika la paclitaxel, kumatha pakapita masiku ochepa, ndipo pali mankhwala ochepetsa ululu amene angakulembereni. Musangogula Brufen kapena Aspirin pa okala, chifukwa magazi a munthu wa pa kemo nthawi zina saundana msanga akavulala. Dzanzilo ndiye mukalinene ulendo ukubwerawu asanakuikeni diripi, musabise poopa kuti akusiyitsani. Ndi mitsempha imene ikukhudzidwa, ndipo akadziwa msanga amatha kusintha mlingo kuti lisakhazikike. Pakadali pano musayende opanda nsapato, madzulo aliwonse muziyang'ana kuphazi ngati mwabayidwa ndi minga ya nsomba kapena mbedza, chifukwa bala losamveka limaola. Ma ARV ndi Bactrim osadumphitsa ngakhale tsiku limodzi. Pakati pa nyanja usiku ndi manja otere musapitenso, ndikukupemphani.

Mawu anu omalizawo ndawamva. Kusowa tulo ndi kudziona ngati katundu ndi mbali ya matendawa, ndipo kumawonjezera kufooka. Ku Queens kuli kiliniki ya Tiyanjane imene imathandiza pa ululu, nkhawa ndi mavuto a pakhomo, ndipo zipatala zambiri za maboma zili ndi anamwino a ntchito yomweyo. Anthu amaopa kuti kumeneko amatumizako amene atsala pang'ono kufa, koma si choncho, amathandiza ngakhale amene akuchira. Maganizo akafika poti bola kungochoka, muuzeni munthu tsiku lomwelo, akazi anu, m'bale, kapena mundilembere ine pambali.

Che Imedi, Makanjira:
Achimwene a ku Msaka, ine ndinakulira padoko, ndikudziwa kuwawa kwa kuona anzako akukankha bwato iwe uli pamtunda. Koma ntchito ya nsomba si m'madzi mokha. Lankhulani ndi mwini zida, mwamugwirira ntchito nthawi yaitali. Pamafunika munthu wokhulupirika wowerengera zigoba usipa ukafika, woyang'anira pa thandala poyanika, wolemba ngongole za amayi ogula. Zimenezo mungachite mutakhala pamthunzi, masiku amene thupi lalola. Gawo lake ndi lochepa koma ndiwo sizisowa pakhomo. Ndipo alovi anzanuwo ndi anyamata amphamvu, auzeni za magazi. Magazi amene athira Abiti Saidi anapereka ndi munthu wina. A Malawi Blood Transfusion Service ali ndi nthambi ku Balaka ndipo amayendera madera, koma sukulu zikatsekera magazi amachepa chifukwa opereka ambiri ndi ana asukulu. Ine ndinapereka, sizipweteka.

Bambo a Tadala, Msaka:
Zowerengera zigobazo sindinaziganizepo. Mwini zida ali ku Monkey Bay, abwera Loweruka, ndikakhala naye pansi. A Sisita, za dzanzi ndikanena Lachiwiri, ndipo ndikulemberani pambali usiku uno. Kodi alipo wochokera mbali ya kuno amene akupita ku Blantyre Lolemba kuti tikwere limodzi? Akazi anga sangasiye ana ulendo uno.

Nabanda, Monkey Bay:
Mwana wa achimwene anga akupita ku Limbe Lolemba kukaoda katundu wa muokala. Ndamuuza kale, akudikirani pa depoti ya Monkey Bay 4 koloko m'mawa ndipo akakusiyani pachipata penipeni. Mutenge botolo la madzi owiritsa, buku la kuchipatala ndi ma ARV anu. Nambala yake ndakutumizirani pambali.